Tigule kandege kathu kapena tizingochita hayala?

Che Mussa (Senga Bay): Abale, ndithandizeni maganizo. Ife eni malo ogona alendo atatu, awiri a kuno ndi mmodzi wa ku Nkhotakota, tikufuna kusonkherana tigule Cessna 206 yogwirapo kale ntchito ku South Africa. Mlendo akatsika pa bwalo la ndege la KIA ku Lumbadzi, tizimunyamula mpaka pa bwalo la Salima, ena tiziwapititsa ku Likoma. Ndi nzeru imeneyi?

Mayi Nabanda (Salima boma): Che Mussa, kuchoka ku Lumbadzi kudzera msewu wa M14 kufika kuno ndi maola awiri osakwana. Mlendo adikire kandegeko, katundu amuyeze, atere pa Salima, mumutengenso pa galimoto mpaka kunyanja. Mwamupulumutsira nthawi yanji? Gulani galimoto yabwino basi.

Achimwene a ku Dwangwa: Amayi, za Salima mwanena zoona, koma Likoma musaifanizire. Kulibe msewu kumeneko. Ilala imafikako kamodzi pa sabata popita kumpoto, kamodzi pobwerera, ndipo nthawi yofikira imadziwa yokha. Pa ndege kuchokera ku Lilongwe ndi pafupifupi ola limodzi. Munthu wa bizinesi kapena mzungu amene ali ndi masiku anayi okha m'dziko muno sangadikire sitima. Ubwino wa tindege timeneti ndi womwewo, timatera pamene ndege zikuluzikulu sizingayerekeze. Ngakhale kuno ku Dwangwa kuli kabwalo pafupi ndi minda ya nzimbe, ndipo dzinja M5 ikaduka mumamvetsa chifukwa chake.

Malume Gondwe: Ine ndinagwirapo ntchito pa bwalo la ndege, ndiye mundimvere. Kugulako ndi kochepa. Mipando ndi 6, umodzi ndi wa woyendetsa, otsala 5, ndipo anthu akakhala onenepa kapena zikwama zachuluka simudzaza yonse. N'chifukwa chake a hayala amaumirira zikwama zofewa zosapitirira makilogalamu 15 kapena 20. Mafuta ake si petulo wa pa filling station, ndi avgas, ndipo sapezeka pa bwalo lililonse. Pakatha maola 100 ikuuluka iyenera kulowa m'manja mwa injiniya wovomerezeka. Inshuwalansi, zipangizo, zonse ndi madola. Mukukumbuka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023? Ngongole ya madola inakwera usiku umodzi. Komanso kunyamula anthu olipira kumafuna chilolezo chapadera cha boma, osati kungokhala ndi ndege. Woyendetsa malipiro ake ndi a mwezi uliwonse, kaya mwauluka kaya ndege yangokhala pansi miyezi ya mvula.

Mayi Nabanda: Boma lenilenilo inalikanika. Ndege ya Falcon imene a Bingu anagula mu 2009, mayi Joyce Banda anaigulitsa mu 2013. Nanga inu anthu atatu?

Che Mussa: Iyo inali jeti, amayi, iyi ndi kandege ka injini imodzi. Komanso alendo ofuna kukaona njovu ku Nkhotakota achuluka chiyambire African Parks kusamala nkhalangoyo mu 2015 n'kusamutsirako njovu zochokera ku Liwonde ndi Majete.

Malume Gondwe: Achuluka, koma akwana kudzaza ndege kangati pa mwezi? Muwerenge zimenezo kaye. China, mabwalo ang'onoang'onowa ambiri alibe magetsi, mumatera masana okha, ndipo penapake munthu ayambe wathamangitsa mbuzi pamsewu wa ndegewo. Nyengo ikaipa simunyamuka, mlendo alipire asalipire. Tonse tikudziwa za ndege imene inagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024.

Achimwene a ku Dwangwa: Ndiye bwanji mugwirizane ndi kampani ya hayala ya ku Lilongwe, mulipiriretu maola angapo a miyezi ya June mpaka October pamene alendo amachuluka? Mavuto a injini ndi woyendetsa akhale awo. Chaka chikatha mudzaona nokha ngati mipando imadzadza.

Che Mussa: Anzangawo akufunitsitsa ndege yolembedwa dzina lathu m'mbali. Ndiwatumizira zomwe alemba malumewa, koma malume, Loweruka mudzakhalepo pa zokambirana, ine ndekha sandimvera.