Funso: kodi mayeso akale analidi ovuta kuposa a masiku ano, ndipo tingayeze bwanji?

Mayi wa mu Komiti

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo, makamaka inu aphunzitsi ndi amene munachongako mayeso. Mkangano woti sukulu inali kale, ya lero ndi dzina chabe, sukutha. Ena akuti ana a masiku ano sangakhoze pepala la makolo awo, ena akuti silabasi ya lero ndi yodzaza kuposa yakale. Ganizo lomwe lilipo ndi loti titenge pepala la masamu la zaka 30 zapitazo, tiwapatse ana 40 a kalasi yomaliza ya sekondale alembe, kenaka tiyerekeze malikisi awo ndi omwe angapeze pa pepala la chaka chatha. Kodi njira imeneyi ingatipatse yankho loona? Ngati ayi, tikonze pati? Sindikufuna tiwanyoze ana popanda umboni, komanso sindikufuna tizidzinamiza ngati zinthu zatsikadi.

Wochonga Mayeso

Mayi, pepala lakalelo musawapatse momwe liliri. Ambiri adzalephera ndithu, koma kulepherako sikudzakuuzani chomwe mukufuna kudziwa. Pepala lililonse limatuluka mu silabasi ya nthawi yake. M'mapepala akale mupezamo mafunso ofuna matebulo a logarithm pochulukitsa ndi kugawa manambala akuluakulu, luso lomwe linatha ntchito kakyuleta itabwera. Mwana amene sanawaonepo matebulowo ataya malikisi onse a funsolo, mutu wake uli bwinobwino. Wophunzira wa nthawi imeneyo mutamupatsa pepala la lero, nayenso angakakamire pa mitu yomwe inalowa iye atachoka.

Chitani chonchi. Ikani masilabasi awiriwo pambalipambali, mulembe mitu yomwe ikupezeka monsemo, monga ma fraction, ma equation, mangodya ndi peresenti. Pa mutu uliwonse tengani funso limodzi lakale ndi limodzi latsopano, a malikisi ofanana, mpaka akwane 20: akale 10, atsopano 10. Atayipeni onse mwatsopano m'kalembedwe kamodzi ndipo muwasakanize, kuti mwana asazindikire kuti ili ndi lakale. Nthawi muiwerengere pa malikisi. Ngati pepala loyambirira linali la malikisi 100 pa mphindi 150, ndiye kuti malikisi amodzi ndi mphindi imodzi ndi theka, choncho pepala lanu likakhala la malikisi 60 mupereke mphindi 90. Pa kakyuleta lamulo likhale limodzi pepala lonse.

Konzaninso mapepala a mitundu iwiri, mafunso omwewo koma ondondozedwa mosiyana. Mafunso akumapeto amalephereka kwambiri chifukwa cha kutopa ndi kutha kwa nthawi, ndiye akale onse akapezeka kumapeto mudzaganiza kuti ndi ovuta pomwe ana sanawafike n'komwe.

Mphunzitsi wa Masamu

Ndionjezere pa chiwerengero, chifukwa ana 40 ndi ochepa. Funso likakhozedwa ndi theka la ana 40, zotsatira zitha kusuntha ndi mapointi pafupifupi 15 pa 100 mbali iliyonse mwangozi chabe. Mukafika ana 100, kusunthako kumatsika kufika pafupifupi 10. Ndiye mukaona kuti funso lakale akhoza ana 45 pa 100 alionse, latsopano 52, musathamangire kulengeza. Phatikizani malikisi a mafunso 10 akale, muyerekeze ndi a 10 atsopano. Funso limodzi palokha limanamiza.

Pochonga pakhale aphunzitsi awiri, aliyense achonge payekha, ndipo mayina a ana aphimbidwe. Mayankho ndi kagawidwe ka malikisi zilembedwe ana asanalembe. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya: pali malikisi a njira ndi malikisi a yankho. Wochonga wina akamapatsa za njira wina akungoona yankho lomaliza, mwana yemweyo atha kupeza 3 kwa uyu, 0 kwa uyo.

Mayi wa mu Komiti

Zikomo aphunzitsi. Ndiye tikachita zonsezi n'kupeza kuti mafunso akale awavuta kwambiri, tinganene kuti ana akale anali patsogolo?

Wochonga Mayeso

Ayi mayi, pamenepo ndi pomwe pali msampha. Mudzangodziwa kuti mafunso akale ndi ovutirapo kwa ana a lero. Ana akalewo simunawayeze. N'kutheka kuti nawonso ankawalephera mafunso omwewo. Pepala lovuta sindiye kuti kukhoza kunali kovuta, chifukwa malire okhozera amaikidwa mapepala atachongedwa. Pepala likavuta malire amatsika, likaphweka amakwera. Malikisi 42 pa pepala lolimba atha kupereka giredi yofanana ndi 58 pa pepala lofewa.

Chomwe mukusowa ndi umboni wa momwe ana a chaka chimenecho anachitira. Funani lipoti la akulu ochonga la chaka chomwecho, lomwe limafotokoza funso ndi funso kuti ambiri anagwa pati, ndipo mukapeza malire a magiredi ndiye bwino kwambiri. Mapepala olembedwa ndi ana akale enieniwo, ngati anasungidwa penapake, amaposa zonsezi, bola asakhale a anzeru okhaokha. Anthu amasunga pepala lomwe anakhoza, lolephera limatayidwa.

Woyendera Sukulu

Funso lalikulu lomwe silinafunsidwe ndi lakuti ankalemba mayesowo ndi ndani. Tiyerekeze ana 100 obadwa chaka chimodzi. Kale ofika pa mayeso omaliza akhale 10, okhoza 7. Chiwerengero cha okhoza ndi 70 peresenti. Lero afike 60, akhoze 30. Okhoza ndi 50 peresenti, ndipo aliyense anena kuti maphunziro alowa pansi, chonsecho pa ana 100 aja okhoza achoka pa 7 kufika pa 30. Manambalawa ndi chitsanzo chabe, koma zimayenda choncho. Ana 10 akale aja anali atasefedwa kangapo ndi fizi, kubwereza kalasi ndi kuchepa kwa malo. Kuwayerekeza ndi kalasi yonse ya lero n'kulakwitsa. Kuti chilungamo chioneke, ayerekezedwe ndi ana 10 apamwamba pa 60 a lero.

Zimenezi zinaoneka poyera m'maiko omwe anachotsa fizi ku pulayimale: Malawi mu 1994, Uganda mu 1997, Kenya mu 2003. Ku Malawi olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni nthawi imodzi. Ana ambiri omwe analowa anali ochokera m'mabanja momwe munalibe wodziwa kuwerenga, ndipo aphunzitsi ophunzitsidwa bwino, zipinda ndi mabuku sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Avereji ikatsika m'nyengo yotero pamakhala zifukwa ziwiri zosakanikirana: olowa ndi ena, komanso kuphunzitsako kwafooka. Ku England nakonso O-level (mayeso akale a sekondale), yomwe inayamba mu 1951, inali ya gawo la ana ochita bwino, pomwe GCSE, yomwe inalowa m'malo mwake n'kulembedwa koyamba mu 1988, inapangidwira pafupifupi onse. Mapepala awiriwa ntchito zawo n'zosiyana.

Mphunzitsi wa Chiyankhulo

Bwana oyendera, mfundo yanu ndi yoona, koma isatiphimbe m'maso. Pali maluso omwe amafookadi kalasi ikakula, ndipo chifukwa chake chimadziwika. Chimangirizo chimodzi chimadya mphindi zosachepera 5 kuti chichongedwe bwino. Ana 40 ndi maola 3 ndi mphindi 20. Ana 120 ndi maola 10, kalasi imodzi yokha. Mphunzitsi wotere amachepetsa zimangirizo, lembetso limasiyidwa, m'malo mwake mumabwera mafunso osankha yankho ndi manotsi okopera pa bolodi. Mwana amafika pa mayeso atalemba yekha masamba owerengeka chaka chonse. Sikuti ubongo wake wachepa, koma luso lomanga ndime silibwera popanda kulemba ndi kukonzedwa.

Ndipo vuto la kuwerenga si nkhambakamwa. World Bank ndi mabungwe anzake anayerekeza mu 2022 kuti m'maiko osauka ndi apakati, ana 70 pa 100 alionse a zaka 10 sankatha kuwerenga kankhani kosavuta n'kukamvetsa, kuchoka pa 57 Covid-19 isanabwere. Chiwerengero chimenechi chimandipweteka mtima. Mayi, ngati mukufuna muyezo wosavuta, yezani kuwerenga. Tengani ndime ya mawu pafupifupi 60 kwa ana aang'ono, kapena 200 kwa akuluakulu. Mwana awerenge mokweza kwa mphindi imodzi, inu muziika kachizindikiro pa mawu olakwika, kenaka muchotsere olakwikawo pa omwe wawerenga. Mufunseni mafunso 5 a kumvetsa nkhani. Ndimeyo muisunge, isalowe m'kalasi.

Woyendera Sukulu

Tagwirizana aphunzitsi. Ndi chifukwa chake giredi ndi chidziwitso tiziziona padera.

Wokonza Mafunso

Pa magiredi ndifotokoze pang'ono, chifukwa ambiri amaganiza kuti giredi ili ngati kilogalamu yomwe sisintha. Njira zoperekera magiredi zilipo ziwiri zikuluzikulu. Yoyamba ndi yogawa malo: mumanena kuti apamwamba mwakuti ndiwo atenge giredi yoyamba, kaya chaka chimenecho ana achita bwino kapena ayi. A-level ya ku England, mayeso olembedwa ana asanapite ku yunivesite, inayenda motero kuyambira 1963 mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1980, ndipo giredi A inkapita kwa pafupifupi 10 peresenti. Pa njira imeneyi magiredi sakwera kapena kutsika, choncho sakuuzani kanthu za kusintha kwa maphunziro. Yachiwiri ndi yoika muyezo: aliyense wofika pamenepo watenga giredi. Apa okhoza atha kuchuluka, koma kuchulukako kuli ndi magwero angapo. Mwina ana akudziwadi zambiri. Mwina aphunzitsi aazolowera mafunso ndipo akuphunzitsa mapasipepa okhaokha. Mwina muyezo wafewetsedwa pang'onopang'ono, kapena likasa lalowerera.

Umboni woti giredi itha kuyenda yokha unaoneka ku UK nthawi ya Covid-19. Mayeso atalephereka mu 2020 ndi 2021, magiredi anachokera kwa aphunzitsi. Magiredi apamwamba a A-level, A ndi A*, anachoka pa pafupifupi 25 peresenti mu 2019 kufika kuposa 44 peresenti mu 2021, m'zaka zomwe sukulu zinatsekedwa miyezi yambiri.

Njira yodalirika ndi ya mafunso obisidwa omwe amabwerezedwa osasinthidwa. PISA, yomwe bungwe la OECD (la maiko omwe ambiri mwa iwo ndi olemera) linayamba mu 2000, imayeza ana a zaka 15 motero. TIMSS inayamba mu 1995, imayeza masamu ndi sayansi m'makalasi a 4 ndi 8 zaka zinayi zilizonse. Kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa kuli SACMEQ, ya kalasi ya 6, yomwe inayezanso ana mu 2000, 2007 ndi 2013. Mu PISA ya 2022, avereji ya masamu m'maiko a OECD inatsika ndi mapointi pafupifupi 15 poyerekeza ndi 2018, ya kuwerenga ndi 10. Kumeneko ndiye kutsika kwenikweni, koyezedwa ndi muyezo umodzi. Koma mukayang'ana kutali m'mbuyo chithunzi chimatembenuka: katswiri wofufuza James Flynn anaonetsa kuti m'zaka za m'ma 1900 zotsatira za mayeso oyeza nzeru (IQ) m'maiko ambiri zinkakwera ndi mapointi pafupifupi 3 pa zaka 10 zilizonse. Ndiye yankho limatengera zaka zomwe mwasankha, luso lomwe mukuyeza, ndi dziko lomwe mukunena.

Mayi wa mu Komiti

Ndamva, ndipo ganizo lopatsa ana pepala lonse lakale tilisiya. Tipanga la mafunso 20 osakaniza lija, ndi kuyeza kuwerenga. Funso lomaliza: tikafuna kuti m'tsogolo muno tizidziwa ngati sukulu ikukwera kapena kutsika, tiyambe bwanji?

Wokonza Mafunso

Mayi, pa mafunso 20 aja musankhepo 8 kapena 10 omwe sanali ophweka kwambiri kapena ovuta kwambiri, omwe anakhozedwa ndi ana apakati pa 30 ndi 80 pa 100 alionse. Funso lomwe onse akhoza, kapena onse alephera, silionetsa kusintha. Amenewo akhale mafunso anu obisa. Chaka chilichonse muziwalowetsa m'mayeso a kalasi yomweyo, teremu yomweyo, pamalo omwewo m'pepala, osasintha ngakhale nambala imodzi. Mapepala onse atoleredwe, asatuluke m'chipinda, ndipo mafunsowo asakonzedwe pa bolodi. Funso likangokwera mwadzidzidzi, mwachitsanzo kuchoka pa 45 kufika pa 90 pomwe anzake ali pomwepo, dziwani kuti latuluka, lichotseni.

M'kaundula muzilemba zinthu zinayi pambali pa malikisi: ana olembetsa m'kalasimo, omwe analembadi tsikulo, obwereza kalasi, ndi omwe anasiya sukulu m'chakacho. Ofooka akajomba tsiku la mayeso avereji imakwera yokha. Muzisunganso mapepala 9 chaka chilichonse, atatu apamwamba, atatu apakati, atatu apansi, mayina atadulidwa. Musaweruze ndi zaka ziwiri zokha. Dikirani zitatu kapena zinayi, chifukwa kalasi imodzi itha kukhala yamphamvu kapena yofooka mwa iyo yokha.

Mphunzitsi wa Masamu

Ndipo anawo muwauze kuti malikisi a pepala losakaniza lija salowa pa lipoti la teremu, koma alembe motsata malamulo onse a mayeso, woyang'anira alipo. Akaliona ngati sewero ambiri amasiya mafunso aatali osayesa, ndipo mafunso akale ndiwo amakonda kukhala aatali. Pochonga muzisiyanitsa funso lomwe mwana walakwa ndi lomwe sanaliyambe n'komwe, zilembedwe m'mizere iwiri yosiyana.