Timadontho tofiira pachifuwa pa amuna anga, kodi n'chiwindi?

Wofunsa:
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Amuna anga, a zaka 44, atuluka timadontho tofiira pachifuwa, pakhosi ndi m'mapewa. Si ziphuphu ayi, sakumva kuyabwa kapena kuwawa. Ukayang'anitsitsa, pakati pali kadontho, kenako timizere tofalikira m'mbali ngati miyendo ya kangaude. Zomwe ndawerenga pa intaneti zandisowetsa tulo, paliponse akungotchula chiwindi. Mowa amamwa, sindingabise, ndipo anayamba kalekale. Eni ake akuti ndikukokomeza, kuchipatala kumapita odwala. Alipo anaziwonapo zoterezi? Nanga atavomera kupita, tikapemphe kuti awayeze chiyani?

Bambo wina:
Mayi musadzidwalitse ndi intaneti. Ine ndili nato pamimba, tofiira kuti psuu, adokotala anandiuza kuti timabwera ndi kukula basi.

Namwino:
Achimwene, tanuto mwina ndi tina. Timadontho tofiira tilipo mitundu ingapo, ndipo kuti tifanane mtundu sizitanthauza kuti gwero ndi limodzi. Tozungulira, totukuka pang'ono, topanda timizere, timatchedwa cherry angioma. Timayamba kuchuluka munthu akapitirira zaka 30 ndipo tilibe vuto. Zomwe akufotokoza achemwaliwa zikumveka ngati spider angioma, timitsempha ta magazi totanuka pansi pa khungu.

Achemwali, tengani tambula yagalasi yowonekera mkati, mukanikize pakadontho kamodzi mukuyang'ana. Ngati ndi spider angioma kufiira kuzimiririka, mukachotsa tambulayo magazi abwereranso kuyambira pakati kupita m'timizere. Ngati kufiira sikukuchoka ngakhale mukanikize bwanji, mwina magazi atayikira pansi pa khungu, imeneyo ndi nkhani ina. Muwerengenso kuti tilipo tingati, muyang'ane m'maso mwawo pamalo owala, ndi m'zikhatho. Mutiuze.

Mayi wina:
Zachiwindi sizichedwa ndi zitsamba, pali zosukira chiwindi zomwe zinathandiza mlamu wanga. Ndilembereni kumbali.

Namwino:
Mayi pepani, apa ndikutsutsani poyera. Chilichonse chomwe munthu wamwa, chiwindi ndicho chimalimbana nacho. Zitsamba zina zimachivulaza, ndiye ngati chafooka kale mukuchisenzetsa katundu wina. Asamwe kalikonse "kosukira" asanayezedwe.

Wofunsa:
Ndayesa za tambula zija atabwera kuntchito, akuseka kuti ndasanduka dokotala. Kufiira kukuchoka n'kubwerera kuchokera pakati, monga mwanenera. Ndawerenga ndapeza 9. Maso ndi oyera bwinobwino koma zikhatho ndi zofiirira m'mbali, cha kuchala chachikulu ndi chaching'ono. Ndaopa tsopano.

Namwino:
Musanjenjemere, koma musazengerezenso. Kamodzi kapena tiwiri timapezeka ndi mwa anthu athanzi, ngakhale ana. Amayi oyembekezera ndi omwa mapiritsi olera amatuluka nato chifukwa cha kuchuluka kwa estrogen, homoni ya m'thupi yomwe imachuluka mwa akazi. Amuna nawonso ali nayo estrogen pang'ono, ndipo chiwindi ndicho chimaiphwanya. Chikamalephera ntchito imachuluka m'magazi, timitsempha ta kumaso, pakhosi, pachifuwa ndi m'mikono n'kumatanuka. Ndiye kwa bambo womwa mowa, timadontho 9 pamodzi ndi zikhatho zofiira ndi chifukwa chokwanira choyezetsera. Si umboni woti chiwindi chawonongeka, khungu palokha silingagamule zimenezo.

Zoyeza adzasankha ndi adokotala akawawona, koma kawirikawiri zimakhala izi. Magazi owona mmene chiwindi chikugwirira ntchito, papepala amalemba LFT, muli ALT, AST, bilirubin ndi albumin. Full blood count, kuwerenga maselo a m'magazi, makamaka mapulateleti othandiza kuti magazi aundane, omwe mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 150,000 ndi 450,000. Chiwindi chikauma ndi zipsera, kapamba (spleen) amatupa n'kumasunga mapulateleti ambiri, ndiye nambalayi imatsika, nthawi zina zizindikiro zina zisanawoneke. Hepatitis B ndi C, matenda a mavairasi otupitsa chiwindi, musaiwale. Pomaliza sikani ya pamimba. Sikaniyi ndikuitchula dala, chifukwa ALT ndi AST zimatha kutuluka bwino chiwindi chili ndi zipsera kale, anthu n'kubwerera kunyumba akusangalala.

Akawauze adokotala zoona za mowa, kuchuluka kwake ndi zaka zake, komanso mankhwala onse omwe amamwa, ngakhale ogula okha. Pakadali pano paracetamol asamangomwa mwachisawawa, 4 g patsiku ndiwo malire a wamkulu wathanzi, womwa mowa kwambiri amafunika wocheperapo. Aspirin ndi ibuprofen adikire kaye mawu a adokotala.

Bambo wachikulire:
Mwana wanga, pa hepatitis pamenepo ndiwonjezepo. Ine mowa sindinaulawepo, koma anandipeza ndi hepatitis B pomwe ndinkafuna kupereka magazi, thupi lili gwa osamva kalikonse. Ndili pa mankhwala a tenofovir ndipo ndikugwira ntchito zanga. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni anali nayo padziko lonse, ambiri osadziwa. Amuna anu akapezeka nayo, inu ndi ana mukayezetsenso, katemera alipo. Ya C ndiye imachizika ndi mapiritsi a masabata 8 mpaka 12. Powanyengerera musayambire pa mowa, auma mutu. Auzeni kuti tiyeni tikayezetse tonse awiri.

Wofunsa:
Zikomo bambo, njira imeneyo ndiyesa. Anamwino, mowawo asiye lero lomwe? Ndipo tingadikire mpaka sabata yamawa?

Namwino:
Ngati akudya, akuyenda, maso ali oyera, masiku ochepa si vuto. Koma mukawona chikasu m'maso, mkodzo woderako kwambiri, mimba kapena miyendo kutupa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda bii, kamfuno wosaleka, kapena ayamba kusokonezeka mutu ndi kugona masana mosadziwika bwino, thamangani nawo tsiku lomwelo. Chimodzimodzi timadontho tosazimiririka ndi tambula tikabwera ndi kutentha thupi.

Za mowa, ngati amamwa mwa apo ndi apo, asiye lero. Koma ngati amamwa tsiku lililonse mpaka manja kunjenjemera m'mawa akapanda kumwa, asasiye mwadzidzidzi ali kunyumba, amatha kukomoka. Zimenezo adokotala ndiwo awathandize kusiya bwinobwino.