Zovala kapena ndalama? Za anthu a ku Mayfield

NaChisale_SouthBend:
Abale, ndithandizeni maganizo. Chichitikire tornado (kamvuluvulu woopsa kwambiri) ija yomwe inasesa tauni ya Mayfield ku Kentucky, kuno ku America, usiku wa pa 10 December 2021, amayi a kutchalitchi kwathu tasonkhanitsa zovala matumba 14: majuzi, mabulangete, nsapato za ana. Zadzaza galaja yanga, moti galimoto ikugona panja pa chisanu. Bambo a kunyumba akuti tibwereke thiraki tikatule tokha, ulendo wa maola opitirira 6 kuchokera kuno ku Indiana. Ine mtima ukukayika. Alipo amene wafikako?

MalumeWaKuNashville:
Mayi, thirakiyo musabwereke. Ndinapitako Loweruka ndi anzanga a kuntchito. Zovala zachita kuunjikana ngati kaunjika wa ku Limbe, ndipo anthu odzipereka akutha tsiku lonse akusankhula m'malo mochotsa mitengo pa madenga. Munthu amene nyumba yake yaphwasuka akagone ku loji, matumba a zovala akawaika pati? Chomwe anatipempha ndi malona ofolera madenga, macheka a injini, mafuta a jenereta ndi magolovesi. Musaganize kamvuluvulu wa kumudzi wonyamula mapesi. Iyi inali EF4, gulu lachiwiri kuchokera pamwamba pa muyeso wa mphamvu za tornado, inayenda mamailosi oposa 160 osanyamuka pansi. Fakitale ya makandulo ya ku Mayfield inagwera anthu ali pa shifiti ya usiku. Tumizani ndalama, akagule okha zomwe akusowa.

AnaPhiri77:
Malume, ndalama ine ayi. Mwaiwala K6.2 biliyoni ya Covid kwathu kuja? Bulangete ndimadziwa kuti lafunda munthu. Ndalama imathera m'maalawansi.

MalumeWaKuNashville:
Achemwali, mantha anuwo ndikuwamva, nanenso ndinapsa mtima nthawi ija. Koma onani kaye kopereka. Bwanamkubwa wa Kentucky, Andy Beshear, anatsegula thumba la boma lotchedwa Team Western Kentucky Tornado Relief Fund, ndipo linayamba ndi kulipira maliro a omwe anamwalira. Ngati za boma simuzikhulupirira, kuli Red Cross, kuli Samaritan's Purse, kulinso Mennonite Disaster Service, amene ntchito yawo ndi kumanga ndi kukonza nyumba. Chenjerani ndi masamba a GoFundMe (opempherapo ndalama pa intaneti) a anthu osawadziwa. Komanso musathamangire kupereka zonse mwezi uno. Panopa makamera ali konko, aliyense akupereka. Pofika June atolankhani adzakhala atachoka, anthu akadali kulimbana ndi inshulansi ndi mafomu a FEMA (nthambi ya boma la America yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), makamaka omwe ankachita lendi. Ndiponso si Mayfield yokha, Dawson Springs nayo inaphwasuka koma sikutchulidwa kwambiri.

NaChisale_SouthBend:
Zikomo malume. Ndawawerengera bambo zonsezi, angoti "chabwino" koma nkhope yagwa, ankafuna ulendo. Mabulangete ndi majuzi tikapereka kumalo ogona anthu osowa pokhala konkuno, chisanu cha ku Indiana nachonso sichisewera. Zotsalazo tigulitsa mu holo ya tchalitchi, ndalama theka titumiza panopa, theka mu June. AnaPhiri, lisiti ndidzaliika pompano kuti mulione.