Za ulendo wa ku Mazabuka uja, tabwerako

Ndinafunsa mwezi watha kuti tiwatengere chiyani anzathu a ku Zambia, ife alimi a nzimbe ndi alangizi a kuno ku Chikwawa tikupita kukaphunzira za ulimi wothirira. Ambiri munati tiyi wa ku Thyolo ndi zitenje. Tiyiyo anamulandira ndi manja awiri. Zitenje nakonso nzambwee, koma amayi anasekerabe.

Njira ndi yaitali: kukwera Thabwa, Blantyre, Lilongwe, kudutsa pa Mchinji, Chipata, Lusaka, kenako Mazabuka. Minda ya nzimbe ya ku Nakambala, ku Mazabukako, imamwa madzi a mu Kafue monga ya ku Nchalo imamwera a mu Shire, choncho nkhani za ngalande ndi mapampu sizinachedwe kukoma.

Koma chimene chanditsalira ndi pakhomo pamene anatigoneka. Tisanakhazikike nkomwe, mayi a pakhomopo anabwera ndi chibwantu m'chikho chachikulu, chakumwa cha chimanga ndi mizu ya munkoyo, chokhala ndi timisere totafuna. Madzulo anatipatsa nsima ndi mkaka wowawasa. Mnzanga wina wa ku Ngabu anayamba wakayika, kenako anapempha wina. Atonga a ku Mazabukako ndi anthu a ng'ombe ngati ife a kuchigwa, ndiye bambo a pakhomopo anatitengera kukhola m'mamawa, ng'ombe iliyonse akuitchula dzina.

Amene mukupita m'nyengo yozizira, juzi musaiwale. Kumeneko nkokwera, si kuno kwathu. Anzathu a ku Zambiawo akubwera kuno dzinja likatha, ndipo tagwirizana kale za mbuzi ndi mpunga.