Batire la laputopu likuzima mwadzidzidzi: tiitanitse la mtundu wanji?

Mmisiri wa ku Nchalo:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Mphunzitsi wina wandibweretsera laputopu imene imangozima batire likafika pa 60 peresenti. Pa batire lakalelo palembedwa 10.8V ndi 4400mAh, koma wogulitsa wa ku Limbe akuti ali ndi la 11.1V 5200mAh komanso la 14.8V, ndipo akunenetsa kuti onse awiri amalowa bwinobwino. Sindikufuna kuwononga ndalama za aphunzitsiwa.

Mmisiri wa ku Ngabu:
Achimwene, kulowa bwino pamalo pake si umboni wokwanira. M'kati mwa batire lotere muli maselo a lithium otchedwa 18650, ndipo selo lililonse limawerengedwa kuti ndi la 3.6V kapena 3.7V malinga ndi kampani yopanga, ngakhale kuti likadzaza limafika 4.2V. Maselo atatu akalumikizidwa motsatizana amapereka 10.8V kapena 11.1V, choncho manambala awiriwa akunena chinthu chimodzi ndipo musawaope. La 14.8V lili ndi maselo anayi motsatizana, ndipo ine sindingaliike pokhapokha nambala ya batire imene opanga laputopuyo analemba itagwirizana nalo.

Kuzima pa 60 peresenti kukusonyeza kuti maselo ena afooka kuposa anzake. Kabolodi kamene kali m'batiremo kamayang'anira gulu lililonse la maselo (pakuti maselowo amalumikizidwa m'magulu), ndipo gulu limodzi likatsika kwambiri kamadula moto kuti maselowo asawonongeke, ngakhale enawo akadali ndi mphamvu. Poyerekeza mabatire, chulukitsani mavoti (V) ndi ma Ah (4400mAh ndi 4.4Ah) kuti mupeze ma Wh, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga: lakalelo linali pafupifupi 48Wh, pamene la 5200mAh likuyenera kukhala pafupifupi 58Wh, ngati zolembedwazo zili zoona.

Mmisiri wa ku Nsanje:
Bambo a ku Ngabu afotokoza bwino, koma musanatumize ndalama, tsimikizani kaye kuti vuto ndi batire osati chaja. Pa Windows tsegulani Command Prompt (polembera malamulo a kompyuta) n'kulemba powercfg /batteryreport, kenako mu lipoti limene lituluke muyerekeze Design Capacity (mphamvu imene batire linapangidwira kusunga) ndi Full Charge Capacity (imene likusunga panopa likadzaza). Batire latsopano likafika, linyamuleni pamodzi ndi lakale, chifukwa mabatire achinyengo kawirikawiri amapepuka modabwitsa, ndipo mupemphe wogulitsayo akulembereni pa lisiti kuti adzalilandiranso likakanika.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kutentha kwa kuno kwathu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo palibe chimene chimakalambitsa maselo a lithium msanga ngati kukhala odzaza pamalo otentha. Makasitomala athu ambiri, poopa kuzima kwa magetsi, amasiya laputopu pa chaja usana wonse m'nyumba ya malata, ena n'kuiika pa matiresi pomwe mpweya sungathe kulowa kunsi. Tikangowagulitsa batire osawauza zimenezi, adzabweranso posachedwa akutiimba mlandu ife. Laputopu zina zili ndi njira yoletsa batire kudzaza kufika 100 peresenti, monga Conservation Mode ya Lenovo, ndipo ikakhalapo ndi bwino kuitsegula. Batire lotupa, limene nthawi zina limakankha touchpad (poyendetsa chala m'malo mwa mausi) m'mwamba, lichotsedwe tsiku lomwelo, lisabooledwe ndipo lisatayidwe kudzala kumene timatentha zinyalala.

Mmisiri wa ku Nchalo:
Zikomo kwambiri achimwene ndi achemwali. Ndayesa ndi chaja ina ndipo vuto silinasinthe, komanso lipotilo likusonyeza kuti batire likusunga mphamvu yosafika theka la imene linali nayo poyamba. Ndatumiza chithunzi cha nambala ya batire lakale ku Limbe ndipo yagwirizana ndi la 11.1V, choncho ndaitanitsa limenelo pa minibasi ya mawa. Aphunzitsiwa ndawauza kuti azigwirira ntchito patebulo, ndi kuti popita kutchuthi azisiya batire lili ndi moto pafupifupi theka, m'chipinda chozizirirako.