Ndithandizeni: nkhondo ya ku Ukraine ndiitsatire bwanji osapusitsidwa?

Wofunsa:
Moni nonse a pa gulu lino. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene mumatsatira za kunja kuposa ine.

Nkhondo ya ku Ukraine ndinayamba kuitsatira tsiku lomwe asilikali a Russia analowa, pa 24 February 2022. Nditaona zithunzi za mdipiti wa magalimoto ankhondo, wotalika makilomita pafupifupi 60, ukulunjika ku Kyiv, likulu la Ukraine, ndinati basi zatha, sabata siitha mzindawu wagwa. Sunagwe. Pofika kumayambiriro kwa April asilikali aja anali atabwerera, ndipo ku Bucha kunapezeka mitembo ya anthu wamba ili mbwee m'misewu. Chiyambire pamenepo foni sichoka m'manja mwanga. Ndikadzuka, ndisanasukusule n'komwe, ndimatsegula mapu, n'kukulitsa ndi zala ziwiri kuti ndione ngati mzere wofiira woonetsa pomwe asilikali a Russia afika wasuntha usiku. Usiku ndikomoka tulo foni ili pachifuwa.

Chomwe chandibweretsa ndi ichi. Sabata yatha ndinalandira kanema wa ndege ikuwomberedwa usiku, zipolopolo zikuthetheka m'mwamba ngati ziphaniphani, kenako ndege ija n'kuyaka. Ndinamutumiza pa gulu la WhatsApp la pachibale. Patangopita kanthawi mphwanga analemba kuti, "Achimwene, izi si za ku Ukraine, ndi gemu ya pa kompyuta yotchedwa Arma 3." Ndinamufufuta, koma amalume anali atamutumiza kale kwa anzawo. Zandiwawa kwambiri, chifukwa kwathu anthu amandifunsa ine za nkhondoyi, ndipo amandikhulupirira.

Ndiye nkhani zoona mumazipeza kuti? A Russia amati apha adani zikwizikwi, a Ukraine nawo chimodzimodzi, ndimvere ndani? Komanso munthu angadziwe bwanji komwe nkhondoyi ikulowera, poti mapu anga aja masabata amatha osasintha? Chonde ndiyankheni mwachifatse, sindinabwere kudzakangana.

Membala wina:
Pepani achimwene, ambiri zinatichitikirapo. Makanema a gemu imeneyo akhala akuzungulira chiyambire nkhondoyi, mpaka kampani yomwe inapanga gemuyo inachita kuchenjeza anthu.

Za ziwerengero, ine ndinadziikira lamulo: boma lomwe lili pa nkhondo likamanena chiwerengero cha adani omwe lapha, ndimangomva, sindisunga. Ndimadalira amene amaonetsa momwe awerengera. A Mediazona pamodzi ndi a BBC ya Chirasha amawerenga asilikali a Russia omwe afa potchula dzina la aliyense, kuchokera pa zidziwitso za maliro ndi pa manda. A Oryx amawerenga akasinja ndi zida zina zowonongeka za mbali zonse ziwiri, koma pokhapokha pali chithunzi kapena kanema. Ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu imawerenga anthu wamba omwe yatsimikiza, ndipo imanena yokha kuti chiwerengero chenicheni n'chokwera kuposa chake. Onsewa ziwerengero zawo zimakhala zotsika, koma chilichonse chili ndi pogwira.

Musaganizenso kuti bodza lili mbali imodzi. Mukukumbukira woyendetsa ndege uja ankamutcha Ghost of Kyiv, yemwe ankati wagwetsa ndege zambirimbiri? Kumapeto kwa April 2022 asilikali a m'mlengalenga a Ukraine anavomera okha kuti munthuyo kunalibe. Asilikali 13 a pa Snake Island analengezedwa kuti afa, kenako zinadziwika kuti ali moyo, anagwidwa. Mbali inayi, mu March 2022 munatuluka kanema wopangidwa ndi kompyuta wa Pulezidenti Zelensky wa Ukraine akuuza asilikali ake kuti atule zida. Mwezi womwewo dziko la Russia linakhazikitsa lamulo loti wofalitsa zomwe boma likuti n'zabodza zokhudza asilikali atha kukhala m'ndende mpaka zaka 15. Ndiye mukamawerenga nkhani yochokera mkati mwa Russia, kumbukirani kuti wolembayo akulemba ndende ili pakhomo.

Membala wachitatu:
Zonse mwatchulazi ndi za azungu. Nkhondoyi anaiputa ndi a NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America ndi mayiko anzake, posendera kufupi ndi malire a Russia. Bwanji simunena zimenezo?

Bambo wina:
Akulu, zoti NATO yakhala ikukulira chakum'mawa ndi zoona, ndipo Putin wakhala akudandaula nazo kwa zaka zambiri. Wofunsayu ayenera kuzidziwa. Koma adziwenso kuti mu 1994, pa pangano la ku Budapest, Ukraine inavomera kupereka zida zanyukiliya zomwe inatsala nazo Soviet Union itatha, ndipo Russia inasaina kuti idzalemekeza malire ake. Mu 2014 Russia inalanda Crimea, chigawo cha Ukraine. Pa 2 March 2022 mayiko 141 ku United Nations anavota kudzudzula kulowa kwa asilikaliwa, 5 anakana, 35 sanavotere mbali iliyonse. Mayiko 141 si azungu okhaokha. Ndipo ngati cholinga chinali kuthamangitsa NATO, zotsatira zake n'zakuti Finland inalowa mu April 2023, Sweden mu March 2024.

Woyang'anira gulu:
Tikumbutsane kuti mnzathuyu wapempha malangizo. Mtsutso wa yemwe anayamba tiutsegulire pena. Otukwana tichotsa.

Membala wina wotsatira mapu:
Ine ndiyankhe za mapu, poti ndinadwalapo matenda omwewo. Mapu a DeepState ndi malipoti a tsiku ndi tsiku a Institute for the Study of War ndi othandiza, bola mudziwe kuti oyambawo ndi a ku Ukraine, enawo ndi a ku Washington, ndiye aliyense ali ndi komwe mtima wake uli. Vuto ndi kuwaona m'mawa uliwonse. Nkhondoyi inasuntha mwachangu maulendo ochepa: mu September 2022 pomwe a Ukraine analandanso Izium ndi madera ena a Kharkiv, pa 11 November 2022 pomwe analowanso mumzinda wa Kherson, ndi mu August 2024 pomwe analowa m'chigawo cha Kursk ku Russia komweko. Kwina konseku ndi kukwawa. Bakhmut, tauni ya anthu pafupifupi 70,000 nkhondo isanayambe, anailimbirana miyezi yoposa 9 mpaka May 2023, ndipo yomwe inalandidwayo inali bwinja. Avdiivka inagwa mu February 2024. Munthu woona mapu tsiku lililonse amangotopa mtima. Aoneni kamodzi pa mwezi, muyerekeze ndi a mwezi watha.

Chinanso, zinthu zazikulu zambiri pa mapu sizioneka. Taonani za Black Sea. Ukraine ilibe gulu la sitima zankhondo loti n'kulitchula, koma mu April 2022 inamiza Moskva, sitima yaikulu ya Russia pa nyanjayo. Madoko a Odesa atatsekedwa, tirigu, chimanga ndi mafuta a mpendadzuwa zinaunjikana m'nkhokwe, ndipo mu March 2022 chiwerengero cha FAO, nthambi ya United Nations yoona za chakudya, cha mitengo ya zakudya padziko lonse chinakwera kuposa kale lonse. Mayiko ngati Egypt ndi Lebanon, omwe amagula tirigu wambiri kumeneko, anaimva. Mu July 2022 United Nations ndi Turkey anayanjanitsa mbali ziwirizi ku Istanbul kuti sitima zizidutsa, ndipo matani pafupifupi 33 miliyoni anatuluka Russia isanachoke m'panganolo mu July 2023. Ambiri tinati njala yabweranso, koma Ukraine inatsegula njira yakeyake yodutsa m'mphepete mwa Romania ndi Bulgaria, sitima n'kupitiriza. Nkhani yonseyi mzere wofiira uja sunakuuzeni.

Onjezanipo malo opangira magetsi omwe amaphulitsidwa nyengo yozizira ikamayandikira, damu la Kakhovka lomwe linagumuka pa 6 June 2023 n'kumiza midzi ya m'mphepete mwa mtsinje wa Dnipro, siteshoni ya nyukiliya ya Zaporizhzhia, yaikulu kuposa zonse ku Ulaya, yomwe ili m'manja mwa asilikali a Russia chiyambire March 2022, ndi anthu mamiliyoni omwe anathawira kunja. Mukafuna kudziwa komwe ikulowera, funsani kuti ndani akupezabe asilikali, zida ndi ndalama. Madironi a Shahed ochokera ku Iran, asilikali a North Korea ku Kursk, thandizo la America ndi Ulaya likamachedwa kapena kubwera, zimenezo zimanena zambiri kuposa kamudzi kamodzi.

Mayi wina:
Mwanangu, anzanuwa akupatsani za m'mutu, ine ndinene za mumtima. Mwati mumagona foni ili pachifuwa. Lekani zimenezo. Mwamuna wanga anafika poonera makanema a madironi akugwetsera mabomba asilikali m'maenje, usiku uliwonse. Tsiku lina ndinasuzumira, ndinaona mnyamata atagona chagada m'matope, akukweza dzanja kuyang'ana kumwamba, pansi pake anthu akulemba ndemanga zosekerera. Ndinalira. Kaya ndi wa mbali iti, ameneyo ndi mwana wa munthu, mayi ake akumudikira. Makanema otero sakuphunzitsani kanthu za nkhondo, amangoumitsa mtima. Sankhani nthawi imodzi pa tsiku, masana, muwerenge zolembedwa, mutseke.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu mayi, mwandigwira pomwe pamawawa. Ma channel atatu a pa Telegram omwe amatumiza makanema otero ndawachotsa pompano. Mapu ndiziona pa 1 mwezi uliwonse. Latsala funso limodzi: kanema akabwera ngati uja, ndingamuyese bwanji ndisanatumize? Sindikufuna kupusitsanso amalume.

Membala wina:
Imitsani kanemayo pamalo pooneka bwino, jambulani sikirini, muike chithunzicho pa Google Lens kapena TinEye. Nthawi zambiri mupeza kuti anatuluka kale zaka zapitazo, mwina ku Syria kapena kwina. Akakhala wa usiku, wosaoneka bwino, wopanda dzina la malo ndi tsiku, wopanda nkhope ya munthu, mukayikireni, a m'magemu amakhala otero. Ngati nkhaniyo ndi yaikuludi, mabungwe ofalitsa nkhani ngati Reuters, AP, AFP kapena Al Jazeera aitulutsa tsiku lomwelo. Mukapanda kuipezako, dikirani kuche. Ndipo amalume aja muwalembere nokha kuti kanema uja anali wa gemu, muwapemphe auze anzawo omwe anawatumizira.

Wofunsa:
Ndawalembera. Ayankha kuti awauza madzulo ano.