Mabawuti a tow bar akukana kulowa m'manati a chassis

Moni nonse, makamaka akuluakulu amakaniko. Ndikumanga tow bar (chitsulo chokokera ngolo) yogula padera pa Toyota Hilux ya 2012, koma mabawuti awiri akumanzere akukana kulowa m'manati owotcherera mkati mwa chassis. Ndi dzanja bawuti imangolowa mazinga awiri, kenako nji! Sindinaikakamize ndi sipanala, chifukwa nati ikangothothoka mkatimo palibe poigwirira.

Mabowo ndawatsuka ndi burashi ya waya, ndathiramo mafuta a WD-40, osatheka. Ndachotsanso bulaketi n'kuyesa bawuti payokha, chimodzimodzi, ndiye vuto si kusemphana kwa mabowo. Mabawutiwo ndi M12 x 1.25, giredi 8.8, osati a mazinga otalikirana a 1.75, ndipo kumanja alowa bwinobwino mpaka kumapeto. Ndikaunika ndi tochi ndikuona dzimbiri, komanso mazinga oyambirira akuoneka ophwanyika mbali imodzi.

Ndipititsemo tap (chida chodulira mazinga) ya M12 x 1.25, kapena thread chaser (chowongolera mazinga) yomwe siidya chitsulo? Nkhawa yanga ndi yakuti apa ndi pokokera ngolo. Kodi mazinga okonza chonchi angapirire katundu, kapena ndingoboola n'kuika bawuti yaitali yokhala ndi nati yake? Chonde ndithandizeni.